Mkazi wa M'buku ndi Mkazi wa Pamudzi

Mkangano wa Ophunzira

Nyengo ya tchuthi ikafika, anyamata ndi atsikana ophunzira m'mayunivesite amabwerera kwao ku Mzimba boma, ku Jenda, ku Embangweni, ku Luwerezi ndi ku midzi yina ya kumwera kwa boma la Mzimba. Ena achokera ku Zomba, kumene sukulu yaikulu ya Chancellor inasamukira m'chaka cha 1973. Ena achokera ku Yunivesite ya Mzuzu, imene inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1999. Enanso ku Yunivesite ya Livingstonia, imene Sinodi inatsegula m'chaka cha 2003. Pakati pao pali amene aphunzira Chingerezi ndi mabuku a nkhani zopeka olembedwa m'chinenerocho. Amenewa abwera ndi mau achilendo amene akangana nao m'basi, pa sitolo ndi pakhonde, ndiwo mau akuti feminizimu.

Ophunzirawo sanena chimodzi. Alipo amene ati feminizimu ndi nzeru yabwino yowerengera buku, pakuti ifunsa za malo amene mlembi wapatsa mkazi m'nkhani yache. Alipo ena, makamaka anyamata, ngakhale atsikana sasowamo, amene ati zimenezo nza Azungu, zipasula mabanja, ndipo ziphunzitsa mwana wamkazi mwano. Alipo enanso amene ati buku ndi buku chabe. Mkazi wa m'nkhani yopeka sadya nsima, samva ndodo, kotero kumlirira nkutaya nthawi.

Magulu awiri otsirizawa alakwa, ndipo kulakwa kwao sikuthera m'kalasi. Ambiri mwa iwo adzakhala aphunzitsi a sekondale, ena adzalemba mabuku ndi masewero a pa wailesi, ena adzakhala m'makomiti osankha mabuku owerenga ana. Maganizo amene ali nao lero ndiwo adzafika kwa mtsikana wa Sitandade 8 ku Champhira. Nchifukwa chache mkangano umenewu uyenera kumveka kwa amai ndi abambo amene angophunzira kumene kuwerenga m'sukulu za kwacha, pakuti ana amene adzalandira zotsatira zache ngao.

Tanthauzo la Mauwo

Mauwa aopsa anthu chifukwa cha kamvekedwe kao kachilendo, koma tanthauzo lao nlapafupi. Feminizimu ndi ganizo lakuti mkazi ndi munthu wathunthu monga mwamuna, kotero ayenera kukhala ndi mwai wofanana pa sukulu, pa nchito, pa chuma ndi pa bwalo la milandu. Wokhala ndi ganizo limeneli akatsegula buku afunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi mkazi wa m'nkhani iyi ali ndi dzina lache, kapena angotchedwa mkazi wa uje ndi make uje? Lachiwiri: kodi alankhula zakukhosi ndi kudzisankhira chochita, kapena angophika, kubereka ndi kulira? Lachitatu: kodi mlembi ampatsa mathero otani, ndipo matherowo aphunzitsa chiani mwana wowerenga?

M'mafunso atatuwa mulibe chotukwana mwamuna ali yense. Nduna yanzeru pa mphala ifunsa chimodzimodzi: wolankhula ndani, amene sanapatsidwe mpata ndani, ndipo chiweruzo chigwera yani? Mlandu wozengedwa mbali imodzi anthu onse auyesa wokhota. Nkhani yosimbidwa mbali imodzi nayo njokhota, ingakhale yokoma bwanji m'makutu.

Mafunsowo Ayesedwe pa Buku

Buku limene ophunzira onse a Chingerezi alidziwa ndi Things Fall Apart, lolembedwa ndi Chinua Achebe wa ku Nigeria ndi kusindikizidwa m'chaka cha 1958. Ndi buku lalikulu, ndipo linayankha mwamphamvu Azungu amene ankalemba ngati kuti anthu akuda analibe malamulo kapena nzeru. Mwini nkhani ndi Okonkwo, mwamuna wamphamvu wa akazi atatu. Mkazi wamkulu, amene anambalira mwana woyamba, satchulidwa dzina m'buku lonse. Angodziwika kuti ndi make Nwoye. Mkazi wamng'ono, Ojiugo, anamenyedwa koopsa chifukwa chochedwa kuphika. Okonkwo analipitsidwa ndithu, koma mlandu wache unali wakuti anamenya munthu m'sabata yopatulika ya mtendere. Akadammenya sabata yotsatira, palibe akadamlipitsa.

Mkazi wachiwiri, Ekwefi, anabala ana 10 ndipo 9 anamwalira ali aang'ono. Anatsala ndi mtsikana mmodzi, Ezinma. Usiku wina mkazi wogwidwa ndi mzimu ananyamula mwanayo kunka naye kuthengo, ndipo Ekwefi anawatsatira yekha mumdima waukulu kufikira kuphanga. M'buku lonse mulibe kulimba mtima koposa kumeneku, koma nkhani ya Ekwefi yapatsidwa masamba owerengeka. Za Ezinma, chiyamiko chachikulu chimene atate wache anampatsa ndicho kulakalaka kuti akadakhala mnyamata.

Wophunzira amene aona zimenezi ndi kuzitchula sananyoze Achebe. Wawerenga buku ndi maso onse awiri. Achebe mwini wache, polemba Anthills of the Savannah m'chaka cha 1987, anaika mkazi wophunzira dzina lache Beatrice pakati penipeni pa nkhani, nampatsa mau ndi nzeru. Nanga mnyamata wa chaka chachiwiri ku yunivesite akaniranji funso limene mlembi wamkuluyo sanalithawe?

Akazi atayamba kulemba okha, zimene zinali kuseri kwa nyumba zinabwera pabwalo. M'chaka cha 1966 Flora Nwapa, wa ku Nigeria komweko, anatulutsa Efuru, nkhani ya mkazi wakhama pa malonda, wolemekezeka m'mudzi, amene maukwati ache awiri anatha ndipo mwana wache mmodzi yekhayo anamwalira, koma moyo wache sunathere pomwepo. M'chaka cha 1979 Buchi Emecheta anatulutsa The Joys of Motherhood. M'menemo Nnu Ego avutika mu mzinda wa Lagos, agulitsa tinthu tating'ono kuti ana ache aamuna aphunzire. Anawo anka kutsidya la nyanja naleka kulemba kalata, ndipo iye afera yekha m'mbali mwa mseu. Pambuyo pache ana amchitira maliro aakulu. Kodi ku Mzimba kuli munthu amene sanaonepo bokosi lodula la mai amene anafa ndi usiwa?

M'chaka cha 1988 Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe anatulutsa Nervous Conditions. Mtsikana Tambu anauzidwa kuti ndalama za sukulu zikwanira mlongo wache Nhamo yekha. Iye anapempha mbeu, nalima kamunda kache ka chimanga kuti agulitse mondokwa ndi kudzilipirira. Mlongo wacheyo anamba mondokwayo nagawira anzache. Tambu analoledwa kunka ku sukulu ya mishoni pokhapokha Nhamo atamwalira. Mai ali yense wa m'sukulu ya kwacha amene anasiyitsidwa sukulu kuti mlongo wache apitirize angathe kuimva nkhani imeneyi koposa mphunzitsi wa ku yunivesite. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Nza Azungu"

Chodabwitsa choyamba ndi ichi: amene anena kuti feminizimu njachilendo anena zimenezo m'Chingerezi, atavala buluku, buku la Shakespeare liri m'khwapa. Njinga njachilendo, chimanga chomwe chinachokera ku America, ndipo Angoni eni ache anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 kuchokera kumwera. Chinthu sichikanidwa chifukwa cha kumene chachokera. Chiyesedwa ngati nchoona ndi chothandiza.

Chachiwiri, Azungu sanabadwe ndi ganizo limeneli. Amuna a ku England analikana zaka zambiri ndi mau omwewa akuti lipasula mabanja. M'masiku a Shakespeare mkazi sankasewera pabwalo la zisudzo. Mbali za akazi ankasewera ndi anyamata. Mary Ann Evans, mmodzi wa alembi aakulu a Chingerezi, anadzitcha George Eliot, dzina lachimuna, kuti mabuku ache asapeputsidwe. Akazi a ku England anayamba kuvota m'chaka cha 1918, ndipo anafanana ndi amuna pa voti m'chaka cha 1928. Yunivesite ya Cambridge inayamba kupatsa akazi madigiri athunthu m'chaka cha 1948. Chotero mnyamata amene akana ufulu wa akazi ndiye watengera Mzungu, Mzungu wakale wa m'masiku a agogo.

Chachitatu ndicho chachikulu. Akazi a ku Mzimba sanadikire buku la Chingerezi kuti anene zowawa zao. Ananena pa mtondo, musi uli m'manja, mwamuna ndi apongozi ali kumva. Ananena m'nyimbo za vimbuza, gule wochiza amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'chaka cha 2005. Akatswiri awiri, Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lao la chaka cha 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, anasonyeza kuti m'nyimbo zimenezi akazi a Chitumbuka anadandaula za amuna otchona, za nkhanza za kuchimuna ndi za kusungulumwa m'mudzi wa eni. Agogo amene anapeka nyimbozo sanaone chitseko cha yunivesite.

Ndipo wonena kuti ndale ndi mau pabwalo sizinali za akazi akuno atulutse ndalama ya K200 yotuluka m'chaka cha 2012 ndi kupenya nkhope iri pamenepo. Ameneyo ndi mai Rose Chibambo, wobadwira ku Kafukule m'boma lomwe lino m'chaka cha 1928. Anasonkhanitsa akazi kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. M'mwezi wa Marichi 1959 anamangidwa atangobereka kumene, nalowa m'ndende ndi khanda lache. M'chaka cha 1964 anakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo woimira kumwera kwa Mzimba, mkazi woyamba kulowa m'nyumbayo. Chaka chomwecho anachotsedwa pa udindo pa mkangano wa nduna ndi Dr Banda, pambuyo pache anathawira ku Zambia, ndipo anabwerera m'chaka cha 1994. Anthu a Mzimba sanamuyese Mzungu.

Mbiri ya Angoni nayo siyenda popanda akazi. Zwangendaba atamwalira, mkangano wa ufumu unali wa nyumba za amai: Mpezeni anali mwana wa Soseya, M'mbelwa anali mwana wa Munene. Akhristu aziwerenga Numeri mutu 27, pamene ana aakazi asanu a Tselofekadi anaimirira pamaso pa Mose kupempha cholowa cha atate wao, pakuti analibe mlongo, ndipo pempho lao linavomerezedwa. Ngati kupempha chilungamo ndi mwano, mwano umenewu ngwakale kwambiri.

"Buku ndi Buku Chabe"

Amene anena mau awa aiwala mmene iwo eni analeredwera. Agogo akamasimba vidokoni madzulo pamoto sakhala akungocheza. Adziwa kuti mwana aiwala malangizo koma saiwala nthano. Munthu wamkulu aopabe umbombo chifukwa cha fisi amene anamumva ali ndi zaka zisanu. Ngati nthano ya pamoto iumba mtima, koposa kotani buku limene mwana aliwerenga chaka chathunthu, naliloweza, nalembapo mayeso a boma?

Tsono wowerenga akumbukire nkhani zambiri zimene anamva m'masewero ndi kuwerenga m'timabuku. Kawirikawiri mkazi aoneka m'mitundu iwiri yokha. Woyamba ndi wopirira: amenyedwa, asiyidwa, alandidwa katundu, koma angogwada, ndipo pamapeto ayamikiridwa chifukwa sanatsegule pakamwa. Wachiwiri ndi wa m'tauni: wophunzira, wodzigwirira nchito, woyankha akafunsidwa, ndipo mlembi amlanga ndi matenda kapena imfa. Mnyamata wa m'nkhani akachimwa apatsidwa mpata wolapa ndi kukhala munthu. Mtsikana akachimwa tchimo lomwelo, nkhani yache ithera kumanda.

Mtsikana wowerenga zotere zaka zisanu ndi zitatu aphunzira phunziro limene palibe mphunzitsi analilemba pa bolodi: kuti kukhala chete ndiko ulemu, ndi kuti kupitirira ndi sukulu nkuyenda m'njira ya ngozi. Mnyamata wa pa benchi yomweyo aphunziranso lache: kuti mkazi wabwino ndiye wosafunsa. Kunyumba aonjezerapo miyambi yakuti banja nkupirira, ndi kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Mwambi wa ng'ombewo ngwopepuka. Mwini khola samanga yaikazi pa goli chifukwa afuna mkaka ndi thole. Ndipo pakhomo pamene mwamuna ali ku Joni, amene asenza katundu yense wa banja adziwika.

Boma lalemba malamulo abwino. Kuyambira chaka cha 1993 mtsikana amene anatenga pakati aloledwa kubwerera ku sukulu atabereka. M'chaka cha 2006 kunakhazikitsidwa lamulo loletsa nkhanza za m'banja. M'chaka cha 2013 kunabwera lamulo la kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi. M'chaka cha 2015 lamulo la ukwati linaika zaka 18, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti agwirizane nalo. Koma lamulo likhala ku Lilongwe m'kabati, pamene nthano ikhala m'mutu mwa atate, mwa ankhoswe ndi mwa mtsikana mwini. Tsiku lokambirana za malowolo a mwana wa zaka 15, chimene chilankhula pamphasa ndi nthano ija. Wonena kuti buku ndi buku chabe afotokoze chifukwa chache boma la chipani chimodzi linakhazikitsa bungwe loletsa mabuku m'chaka cha 1968, ndi chifukwa chache Jack Mapanje, mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor, anatsekeredwa ku Mikuyu m'chaka cha 1987 popanda kuzengedwa mlandu. Olamula adziwa mphamvu ya zolembedwa, ngakhale wophunzira aikane.

Buku Limene Mzimba Isanalembe

Boma la Mzimba lidziwika ndi ulendo wa kumwera. Kale amuna ankapita ku migodi ya Joni ndi ku Harare, ena pansi, ena ndi Wenela. M'chaka cha 1942 Margaret Read, mai wa ku England amene anakhala pakati pa Angoni, analemba kale za midzi yochepa amuna. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, nipha Amalawi 74, ndipo boma linaimitsa Wenela kwa kanthawi. Masiku ano anyamata akwera basi pa Mzimba boma kapena pa Jenda paokha. Ulendo wa mwamuna usimbidwa ndithu: za pa chipata cha Beitbridge, za apolisi, za nchito, za malata ndi galimoto zimene abwera nazo.

Nanga wotsala? Iye akhala m'mudzi wa mwamuna, pakuti malowolo anaperekedwa ndipo ana ayesedwa a kuchimuna. Alima, aweta, aumbitsa njerwa, ayang'anira amisiri, adwazika apongozi, ayankha kwa aphunzitsi mwana akalephera fizi. Ndalama ikabwera, kawirikawiri idzera kwa mlamu. Zaka zikapita popanda uthenga, sadziwa ngati ndi wokwatiwa kapena wamasiye. Bokosi likabwera kuchokera ku Joni, nthawi zina abale a malemu ayamba kuwerenga malata amene iye anakhomera, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 liletsa kulanda katundu wotere. M'moyo umenewu muli chikondi, mantha, mayesero, nzeru ndi mkwiyo zokwanira mabuku khumi.

Legson Kayira, mlembi wa kumpoto, anakhudzako nkhani yotere m'buku lache Jingala la chaka cha 1969. M'menemo mtsikana Liz analonjezedwa kwa nkhalamba ali mwana, ndipo pambuyo pache anathawa ndi mwamuna wobwera ku migodi. Koma buku lidziwika ndi dzina la nkhalambayo, ndipo mtima umene wowerenga auona kwambiri ngwa nkhalambayo. Buku lonena za mkazi wa mtchona, losimbidwa ndi pakamwa pa mkaziyo, ndilo limene ana a Mzimba afunika kuliwerenga m'sukulu. Wophunzira amene aseka funso la malo a mkazi m'nkhani sadzalemba buku limeneli, chinkana analeredwa ndi mai wotere amene anagulitsa nyemba kuti iye akafike ku Luwinga.

Olakwa a Mbali Yina

Gulu loyamba lija, limene livomereza feminizimu, nalo liri ndi zolakwa zimene ziyenera kutchulidwa. Alipo amene aloweza mau aatali a Chingerezi kuti akhoze mayeso, koma pa tchuthi akhala pampando kudikira mlongo wao wamng'ono awatungire madzi osamba. Chiphunzitso chotere chiri ngati khasu lopachika kudenga.

Alipo ena amene afuna kuti mkazi ali yense wa m'buku akhale wopanda banga ndi wopambana nthawi zonse. Amenewa abweza vuto lomwe lija ndi chovala china, pakuti mngelo si munthu. Lady Macbeth wa m'sewero la Shakespeare ndi mkazi woipa: akakamiza mwamuna wache kupha mfumu, ndipo pambuyo pache mtima umtsutsa kufikira ayenda m'tulo akuyesa kusamba mwazi m'manja. Koma ali ndi maganizo ache, chifuniro chache ndi chikumbumtima chache. Choyenera kupempha kwa mlembi nchakuti mkazi akhale munthu wathunthu, wokhoza kuchita zabwino ndi zoipa pa zifukwa zache.

Ndipo alipo amene apeputsa mai wa kumudzi, namuyesa wogona chifukwa sadziwa mau a m'kalasi. Awa awerengenso Smouldering Charcoal, buku la Tiyambe Zeleza la chaka cha 1992. Muli Catherine, wophunzira wa ku yunivesite, ndiponso Nambe, mkazi wa Mchere wogwira nchito yophika buledi. Amuna ao atamangidwa, akazi onse awiri akumana ndi nkhanza za olamula, ndipo wosaphunzirayo sachepa mtima poyerekeza ndi wophunzirayo. Awerengenso So Long a Letter la Mariama Bâ wa ku Senegal, lotuluka m'Chifalansa m'chaka cha 1979. Akazi awiri apamtima aona amuna ao akutenga mitala. Wina achoka, wina akhala. Mlembi alemekeza onse awiri, pakuti yense anadzisankhira ataganiza. Mai amene asankha kukhala pa banja lache ndi maso openya sayenera kunyozedwa ndi mwana wa sukulu.

Zolakwa zimenezi nzoona, koma sizipha funso lija. Sing'anga akaledzera, mankhwala sasanduka madzi.

Choyenera Kuchitika

Buku la Samuel Ntara lotchedwa Nthondo linatuluka m'chaka cha 1933. Gulu la alembi la ku Chancellor linayamba m'chaka cha 1970, ndipo mmodzi wa oliyambitsa anali Lupenga Mphande wa ku Thoza, kufupi ndi Embangweni. Koma buku la nkhani yaitali lolembedwa ndi mkazi wa ku Malawi limene lidziwika kuti ndilo loyamba kusindikizidwa ndi Love's Dilemma la Walije Gondwe, ndipo linatuluka m'chaka cha 1985, patapita zaka 52 chitulukire Nthondo. Mai Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, amene anakhala m'ndende kuyambira 1981 kufikira 1993, anasimba mbiri ya moyo wache m'buku la chaka cha 2007. Akazi sanachedwe chifukwa chosowa nkhani. Anachedwa chifukwa pensulo inapatsidwa kwa mlongo.

Chotero wophunzira wa Chingerezi aleke kuyesa mkangano umenewu masewera a pa tchuthi. Ngati akana feminizimu, ayankhe mafunso atatu aja ndi buku m'manja, tsamba ndi tsamba, m'malo mongoti nza Azungu. Ngati aivomereza, aitsitse pa mudzi. Anke ku sukulu ya kwacha ya kwao, asimbe nkhani ya Tambu ndi ya Nnu Ego m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, ndipo akhale chete amve zimene amai adzanena. Adzabwerera ku yunivesite ndi nzeru zimene sizipezeka m'laibulale.

Aphunzitsi a pulaimale ndi a sekondale, pophunzitsa nkhani iri yonse, afunse anyamata ndi atsikana pamodzi kuti nkhaniyo ikadamveka bwanji akadaisimba mkazi wa m'menemo. Funso limeneli silifuna ndalama kapena chilolezo cha ku likulu.

Bambo amene waphunzira kuwerenga atenge buku la Chichewa la mwana wache madzulo, awerenge nkhani imodzi, napenye amene agwira khasu ndi mtsuko pa chithunzi, ndi amene wavala za udokotala. Akatero adzifunse ngati afuna kuti mwana wache wamkazi adzione monga mmene bukulo lamuonetsera.

Ndipo mai amene dzanja lazolowera pensulo asayese kuti kulemba nkongosaina dzina pa kuponi ya feteleza kapena m'kaundula wa banki ya m'mudzi. Agule kope la masamba ochepa. Alembemo dzina la amai ache ndi la agogo ache aakazi, maina ao enieni ndi ziwongo zao, pakuti ambiri anaikidwa m'manda akungodziwika kuti make uje. Alembe nyimbo za pa mtondo zimene zikutha chifukwa cha chigayo. Alembe chaka chimene mwamuna ananyamuka, chimene anachita njala itavuta m'chaka cha 2002, ndi mmene anaphunzitsira ana. Zilembo zikakhota palibe kanthu, mdzukulu adzaziwongola. Mlembi wa mawa, kaya mwamuna kaya mkazi, akadzafuna kudziwa mmene mkazi wa ku Mzimba anaganizira, adzapeza mau a mwini wache m'kopemo, ndipo sadzakhalanso ndi chifukwa chompekera.